Ntchito ya m'bala ku De Waterkant ndi pepala logula lomwe linandiwonongera zonse

Chibwerereni kuno kumudzi, anyamata akhala akundifunsa za ntchito ya m'mabala a anthu a ndalama ku Cape Town. Funso lawo loyamba limakhala la malipiro. Lachiwiri amafunsa motsitsa mawu, chifukwa anamva kuti eni ake a bala yomwe ndinkagwirako anali amuna awiri okwatirana. Onse awiri ndimayankha. Koma chomwe chinandigwetsa ine palibe amene amachifunsa, ndiye ndaganiza zolemba nkhani yonse mmene inayendera.

Ndinafika ku Cape Town chakumapeto kwa 2017, pa basi yodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Pa chipata anandidindira masiku 30 a mlendo, monga amachitira ndi Mmalawi aliyense. Ndinafikira kwa msuweni wanga ku Dunoon, m'kanyumba ka malata, ndipo ganyu yanga yoyamba inali yotsuka magalimoto ku Table View. Nthawiyo mzinda unali pa chilala choopsa. Madamu anali atatsika kwambiri, kutsuka galimoto ndi madzi a pa mpope kunali koletsedwa, ndipo kuyambira pa 1 February 2018 munthu mmodzi ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Ganyu ija inafa yokha. Masiku 30 aja anali atatha kalekale, ndipo kulikonse komwe ndinkapempha ntchito yolongosoka mawu anali amodzi: pemiti ili kuti?

Amene anandigulitsa pepala anali Mmalawi mnzathu, wopemphera naye tchalitchi chimodzi ku Dunoon, wodziwika kuti ali ndi munthu wake mkati. Anatenga R3,000 yomwe ndinakongola kwa msuweni wanga, zithunzi ziwiri ndi fotokope ya pasipoti. Posakhalitsa anandibweretsera pepala la asylum, la anthu othawa kwawo, lija amati Section 22, lili ndi chithunzi changa, chidindo, nambala yaitali ndi mawu oti ndine wololedwa kugwira ntchito ndi kuphunzira. Linkaonetsa kuti latuluka ku ofesi ya ku Cape Town.

Pamenepa ndi pomwe aliyense wowerenga ayime kaye. Ofesi ya anthu othawa kwawo ya ku Cape Town inasiya kulandira anthu atsopano mu 2012, ndipo inadzatsegulidwanso mu 2023. Munthu wongofika kumene mu 2018 sakanapeza pepala latsopano kumeneko, zivute zitani. Komanso pepala lenileni silituluka iwe uli phee kunyumba: umapita wekha, amakutenga zidindo za zala, amakufunsa chomwe wathawa kwanu. Mmalawi wothawa umphawi alibe yankho lomwe lamulo la asylum limalandira. Zonsezi aliyense wokhalitsa kumeneko amazidziwa. Ine sindinafunse, poopa kumva yankho lomwe likanandisiya ndilibe pogwira. Safunsa anadya phula.

Ntchito ya m'bala anandipezera mayi wina wa ku Zimbabwe yemwe ankayang'anira operekera zakumwa. Ndinamudziwa pa basi ya MyCiTi. Asananditengere kwa mabwana anandiuza mosabisa: "Achimwene, eni ake ndi mwamuna ndi mwamuna mnzake, anakwatirana ku boma. Makasitomala ambiri ndi otero. Ngati mtima wanu sungapirire, nenani pompano, ndisachite manyazi." Usiku umenewo sindinagone. Ine ndinali ku Blantyre mu 2010 pomwe Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anagamulidwa zaka 14 pa mlandu wa kugonana kwa amuna okhaokha, anthu atadzaza kunja kwa khoti akukuwiza, mpaka a Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi a Ban Ki-moon, mkulu wa United Nations pa nthawiyo. Ndinakulira m'mawu a ku tchalitchi ndi a pa bawo, ndipo m'mutu mwanga malo oterowo anali a zonyansa zochitikira poyera. Koma kunyumba kunali mkazi ndi ana awiri, ndi ngongole ya msuweni. Ndinapita.

De Waterkant ili pakati pa Bo-Kaap, Green Point ndi Waterfront, kamtunda ka nyumba zakale zopakidwa utoto wowala ndi timisewu toyalidwa miyala, kumtunda kwa Somerset Road. Ndi dera lomwe mabala ndi malo odyera a amuna okonda amuna anzawo akhalako zaka zambiri. Ku South Africa malamulo a dziko a 1996 amaletsa kusala munthu pa nkhani imeneyi, ndipo kuyambira 2006 anthu otere amamanga ukwati mwalamulo. Bala yathu inali yaing'ono, ya masofa ofewa, magetsi ozimirira ndi nyimbo zotsika moti anthu ankacheza osakuwa. Bwana wamkulu ankasunga mabuku a ndalama, munthu wosalankhulalankhula. Bwana wamng'ono ndi amene ankadziwa zakumwa ndi kuseka ndi alendo. Madzulo oyambirira kunkabwera anthu okhala m'deralo, ena ndi agalu awo, kenako magulu a amayi ochokera ku ntchito omwe ankati kuno amamwa popanda wowavutitsa, ndipo kuyambira December mpaka March kunkadzaza alendo a ku Germany, Britain ndi Netherlands.

Ine ndinalembedwa ngati barback, kutanthauza wothandiza kumbuyo kwa kauntala. Ntchitoyi anthu amaipeputsa. Ndinkafika 3 koloko masana, kufinya mandimu ndi malaimu mpaka m'zikhadabo muwawe, kuwiritsa shuga ndi madzi muyeso wofanana, kunyamula makreti kuchokera pansi, kudzaza mafiriji, ndi kudula ayezi. Ayezi wa kumeneko sali ngati wa m'mapepala wa pa golosale. Ankaumitsa chimwala chachikulu choyera ngati galasi, ndipo ine ndinkachicheka ndi sowo, kenako kuika mpeni pamzere ndi kumenya ndi kahamala mpaka chigawike timabokosi tokwana tambula imodzi. Ukachicheka chitangotuluka mufiriji chimang'aluka mkati, ndiye umachisiya kaye chituluke thukuta. Ayezi wamkulu amasungunuka pang'onopang'ono, chakumwa sichisukuluka msanga, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zomwe kasitomala amalipirira. M'chaka cha chilala chija madzi osungunuka sitinkataya. Tinkawasonkhanitsa m'zidebe kukolopera pansi ndi kuthira m'zimbudzi.

Matambula ankapukutidwa limodzilimodzi pa nthunzi ya madzi otentha, ndi nsalu yopanda ubweya, osagwira pakamwa pake. Bwana wamng'ono ankatenga tambula n'kuliloza ku getsi, akaona chala chako n'kukubwezera osanena kanthu. Iye yemweyo ndi amene anandiphunzitsa, bala isanatsegulidwe, kuti toti ya kumeneko ndi mamililita 25, kuti Negroni ndi gin, Campari ndi vermouth wofiira muyeso wofanana ndipo amatakasa osakhutchumula, kuti chakumwa chokhala ndi madzi a ndimu kapena choyera cha dzira ndicho amakhutchumula. Ankandiuza ndilawe dontho pa kamphasa kuti ndidziwe chomwe ndikupereka, ngakhale ankadziwa kuti sindimwa.

Za malipiro, nditchule zomwe zingakuthandizeni. Malipiro otsikitsitsa a dziko lonse anayamba pa 1 January 2019, ali R20 pa ola. Ife tinkalandira kuposa pamenepo pang'ono, pomwe cocktail imodzi inkadutsa R100. Matipi ankasonkhanitsidwa pamodzi ndi kugawidwa kumapeto kwa sabata, barback akulandira gawo laling'ono kuposa woperekera. Lamulo silimawerengera matipi ngati malipiro, ndiye bwana amene angakuuzeni kuti mukhala mukudya matipi okha akukuberani. M'miyezi ya alendo matipi ankaposa malipiro. M'nyengo yozizira, June mpaka August, mvula ili pa, bala inkakhala pululu ndipo maola ankachepetsedwa. Amene amawononga ndalama za December ngati zizibwera chaka chonse amafika mu July akupempha. Mwezi uliwonse ndinkalandira payslip yoonetsa kuti adula 1 peresenti ya UIF, thumba lothandiza munthu ntchito ikatha, bwana naye akuikapo 1 peresenti yake. Ndinkanyadira kapepala kameneko.

Nanga zija ndinkaopa? Ndinagwira kumeneko zaka ziwiri ndipo mabwana sanandiyankhulepo mawu olakwika. Kasitomala mmodzi woledzera anandigwira m'chiuno ndikudutsa ndi tireyi. Ndinauma thupi lonse, mtima uli m'khosi, osadziwa ngati ndimenye kapena ndithawe. Bwana wamkulu anaona. Anapita pa tebulo, anayankhula motsitsa, bilu inabwera, munthu uja anatuluka ndipo sanaloledwenso. Atsikana ogwira m'mabala a kwathu kuno amakumana ndi zoposa apa usiku uliwonse popanda wowaikira kumbuyo. Sindikunena kuti maganizo anga onse anasintha, ndipo sindikulemba kuti ndisinthe a wina. Ndikunena zomwe ndinaona ndi maso anga.

Vuto loyamba lenileni linali ulendo wa usiku. Bala inkatseka 2 koloko, kutsuka n'kutha cha m'ma 3, mabasi a MyCiTi atasiya kalekale, ndipo Uber yopita ku Dunoon inkadya matipi a usiku wonse. Miyezi yoyamba ndinkayenda wapansi kupita ku siteshoni ya m'tauni kukadikira minibasi ya m'mbandakucha. Tsiku lina Lamlungu m'mawa, matipi a sabata ali m'sokosi, anyamata atatu anandiimitsa ndi mpeni. Anatenga foni, jekete, ndipo anadziwa okha zovula nsapato. Nditafotokoza ku ntchito, mayi wa ku Zimbabwe uja anandikalipira kuti bwanji sindinanene kuti ndimayenda wapansi. Kunali galimoto yotula antchito kunyumba, yomwe aliyense ankasonkhako pang'ono pa sabata, koma ine sindinalembetse poopa kudulidwa ndalama. Lamulo la ntchito la kumeneko limati amene akugwira usiku, pakati pa 6 koloko madzulo ndi 6 koloko m'mawa, payenera kukhala mayendedwe ochoka ndi kubwerera kwawo, komanso alandire ndalama yoonjezera kapena achepetseredwe maola. Silimati mayendedwewo akhale aulere. Funsani zimenezi tsiku lolembedwa ntchito, ndipo matipi musayende nawo usiku.

Chizindikiro choti pepala langa ndi labodza chinaonekera ku banki. Nditapita kukatsegula akaunti anandiuza kuti pepala la asylum amayamba alitumiza ku Home Affairs, unduna woona za mapepala a olowa m'dziko, kukatsimikiza, ndibwerenso. Sindinabwererenso. Ndinauza bwana wamkulu kuti banki ikuchedwa, azinditumizira malipiro pa foni, ndipo anavomera. Pansi pa mtima ndinali nditadziwa. Komanso pepalalo linkatha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo woliwonjezera masiku anali munthu yemwe uja, R800 ulendo uliwonse. Apa ndi pomwe pagona msampha wa pepala logula: sulipira kamodzi. Wogulitsayo amadziwa dzina lako, kwanu, komwe ukugwira ntchito ndi chinsinsi chako, ndipo ndi iye amene amatchula mtengo.

Kumayambiriro kwa 2019 anakweza kufika pa R1,500. Ndinakana, tinakangana pa bwalo la tchalitchi anthu akuona. Patangopita masabata ochepa kunali Cape Town Pride, chikondwerero cha anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha chomwe chimachitika chakumapeto kwa February kapena kumayambiriro kwa March, ndipo kwa mabala a ku De Waterkant imeneyo ndi nyengo yokolola. Bala yathu inalemba wojambula zithunzi. Antchito tonse tinavala maapuloni a mitundu ya utawaleza. Alendo ankayamba afunsidwa asanajambulidwe, chifukwa ena ankachokera m'mayiko momwe chithunzi chotere chingawamangitse, koma za ife antchito palibe anaganizako, ndipo ine sindinadziwe kuti ndikhoza kukana. Chithunzi china chinaikidwa pa Instagram ndi Facebook: amuna awiri akupsompsonana kutsogolo, ine kumbuyo kwawo ndanyamula chidebe cha ayezi, ndikuseka.

Chinafika kumudzi ku Chiradzulu sabata isanathe, pa gulu la WhatsApp la amayi a mvano, chitachokera pa nambala ya mkazi wa munthu wa mapepala uja. Mkazi wanga anaimba usiku. "Abambo, ndiuzeni zoona. Kumeneko mukugwira ntchito yanji?" Ine ndinali nditamuuza kuti ndimagwira mu lesitilanti. Bodza limenelo ndi lomwe linamupweteka kuposa chithunzi, chifukwa linapangitsa kuti chilichonse chomwe ndinganene pambuyo pake chimveke ngati bodza lina. Ine ndine mkamwini, nyumba ndinamanga kwawo kwa mkazi. Amalume ake anati ndalama zanga ndi za mathanyula zisalowe pakhomo. Apongozi anasiya kuyankha moni wanga pa foni. Ndalama zomwe ndinatumiza pa Mukuru mwezi umenewo zinakhala osatengedwa, ndipo mwana wamkulu anabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi ndalama zili chikhalire. Ku Dunoon nako anthu anayamba kusuntha pa benchi ndikakhala. Msuweni wanga anandipempha ndipeze pena pogona, ati ana ake akusekedwa.

Inali nthawi yowawa kuposa ina iliyonse. Ndinkapukuta matambula misozi ili m'maso, ndipo ndinakwiyira mabwana ngati iwo ndi amene anatumiza chithunzicho. Nditalimba mtima kufotokoza, bwana wamng'ono anachichotsa nthawi yomweyo n'kupepesa, ndipo kuchokera pamenepo wantchito aliyense ankafunsidwa ngati akulola kujambulidwa. Koma chinali chitafalikira kale. Chomwe chinathandiza ndi mayi wa ku Zimbabwe uja, amene anaimbira mkazi wanga pa vidiyo masana bala isanatsegulidwe, n'kumuonetsa sinki, makreti, sowo wa ayezi ndi manja anga osweka. Anamuuza kuti naye ali pa banja, ali ndi ana atatu, ndipo ndi wa mvano ku tchalitchi kwawo. Ankhoswe anakhala pansi kangapo, mayendedwe ndi chakudya zili pa ine, ndipo nkhani inadzazizira chakumapeto kwa chaka. Kuzizira kokha, osati kutha. Alipo mpaka lero amene amandiyang'ana cham'mbali pa maliro.

Amene mukupita kukagwira malo otere, uzani akunyumba inu eni, tsiku loyamba, ndi mawu anu. Adzakwiya mwina, koma adzakhala atamva kwa inu. Ndipo nenani kwa bwana kuti simukufuna nkhope yanu pa intaneti. Kwathu kuno ndime 153 ndi 156 za malamulo a milandu, zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha, zikadalipo, khoti linazitsimikizanso mu June 2024, ndipo anthu sasiyanitsa wotsuka matambula ndi mwini bala.

Munthu wa mapepala uja ndinamulipira R1,500 yake. Ndinalibe kolowera.

Kenako kunabwera Covid. Chapakati pa March 2020 mabala anauzidwa kuti azitseka 6 koloko madzulo, zomwe kwa ife zinali ngati kutseka kumene. Pa 23 March a Cyril Ramaphosa analengeza kuti dziko litsekedwa kuyambira pa 27, ndipo kugulitsa mowa kunaletsedwa. Tinathira pansi madzi a mandimu, kuzimitsa mafiriji, kukutira masofa ndi nsalu. Bwana wamkulu anatiuza tisade nkhawa kwambiri, chifukwa tonse tinali pa UIF ndipo boma linakhazikitsa thandizo lotchedwa TERS, lomwe wolandira zochepa ankapatsidwa R3,500 pa mwezi. Anatilembetsa tonse. Anzathu a ku South Africa analandira poyamba. Antchito ochokera m'mayiko ena anachedwa chifukwa manambala awo ankayamba atsimikizidwa, koma mayi wa ku Zimbabwe, yemwe anali ndi pemiti yapadera ya anthu a kwawo, pamapeto pake analandira. Yanga inkangobwerera. Bwana anayesa mobwerezabwereza, akuganiza kuti walakwitsa kulemba, mpaka amene ankawathandiza za mabuku anafufuza n'kupeza kuti nambala ya pa pepala langa inali ya munthu wina wa dziko lina.

Anandiitanira ku bala mu June. Mipando inali pamwamba pa matebulo, fumbi pa kauntala. Bwana wamkulu anaika fotokope ya pepala langa patsogolo panga n'kufunsa, "Unkadziwa?" Ndinati, "Bwana, ndinkakayikira." Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anandifotokozera kuti wolemba ntchito mlendo wopanda chilolezo akudziwa akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka chaka pa mlandu woyamba, kuti laisensi yawo ya mowa ingakhale pa chiswe, ndipo kuti kuyambira tsiku limenelo iye akudziwa. Bwana wamng'ono ankafuna ndizigwirabe mobisa, azindipatsa ndalama pamanja. Anakangana ine ndili pomwepo, ndikuyang'ana pansi. Wamkulu sanasunthe. Nawonso anali ndi mbali yawo, poti analandira fotokope osaitsimikiza, ndipo iye anavomera zimenezo. Anandilipira masiku anga a tchuthi ndi a notisi, anawonjezera malipiro a mwezi umodzi kuchokera m'thumba mwawo pomwe bala sinkalowetsa kalikonse, ndipo anandilembera kalata yofotokoza ntchito zomwe ndimadziwa. Ya UIF yomwe ndinadulidwa zaka ziwiri inapita.

Pamenepo m'pamene ndinapita kukafunsa uphungu, chinthu chomwe chinali chaulere kuyambira tsiku lomwe ndinafika. Ku Scalabrini Centre, pa Commercial Street m'tauni, amathandiza alendo pa nkhani za mapepala. Zomwe ndinaphunzira ndi izi. Anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho anapatsidwa mapemiti apadera, Amalawi ayi. Visa wamba ya ntchito imapemphedwa uli kwanu, ndipo nthawi imeneyo inkafuna umboni wa ku unduna wa zantchito woti sanapezeke mzika yodziwa ntchitoyo, chinthu chovuta kwambiri kwa barback kapena woperekera zakumwa. Kupezeka ndi pepala lopeka ndi mlandu wina pawokha, woposa kungopitirira masiku. Koma ngakhale wopanda mapepala ali ndi ufulu wolandira malipiro a ntchito yomwe wagwira, ndipo akachotsedwa mopanda chilungamo akhoza kukadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito, pasanathe masiku 30. Amalawi ambiri amasiya malipiro awo m'manja mwa mabwana poganiza kuti alibe kokanena. Ine ndinalibe chodandaula, koma ndikudziwa anzanga a m'makhitchini amene anangouzidwa kuti asabwerenso.

Mu May chaka chimenecho mabasi anali atayamba kale kubweza anthu kumudzi, ndipo tonse tinaona zija za pa Kamuzu Stadium pomwe anthu mazana anathawa podikira zotsatira za Covid. Ine ndinaumirira kukhala, poganiza kuti zinthu zisintha. Mowa unaloledwa pang'ono mu June, unaletsedwanso pa 12 July, unabwerera mu August, n'kuletsedwanso kumapeto kwa December, nthawi yeniyeni ya alendo. Mabala omwe anapulumuka ankachepetsa antchito, ndipo amene ankalemba anali atayamba kutsimikiza mapepala. Ndinkakhalira maganyu a m'minda ya maluwa ndi kupenta. Ndalama zomwe ndinasunga zogulira malata zinathera pa lendi ndi ufa. Kuumirira kumeneko kunandidyera pafupifupi zonse zomwe ndinapeza m'zaka ziwiri za m'bala, ndipo ndikanachoka mu July ndikanafika kumudzi ndi kena kake m'manja.

Ndinanyamuka mu March 2021. Pepala lija ndinaling'amba ndisanakwere basi. Pa Beitbridge anayang'ana chidindo cha 2017 n'kundilembera kalata yoti ndine wosafunika m'dzikomo. Wopitirira nthawi yomwe anapatsidwa ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kulowanso zaka zisanu, ndipo ndi zomwe anandipatsa. Pali njira yopempha kuti akuchotsere chiletsocho, koma imafuna chifukwa chomveka, monga matenda, ndipo ine ndinalibe.

Kumudzi ndinakhala miyezi ndithu osagwira ntchito. Kalata ya mabwana ndinkachita nayo mantha, poti dzina la bala lili pamwamba ndipo aliyense akhoza kulifufuza pa foni. Malo awiri oyamba ndinapita osaionetsa, ndipo ananditenga ngati munthu wongoyamba kumene. Pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndinaipereka. Manijala anafufuza dzinalo ine ndikuona, anawerenga, anandiyang'ana, kenako anati, "Tapangani Negroni tione." Ndikugwira kumeneko mpaka pano, ndipo tsopano ndine woyang'anira bala. Malipiro ndi ochepa poyerekeza ndi a ku Cape Town, matipi amadalira nyengo, koma dzina lomwe lili pa buku la malipiro ndi langa. Ndimapanga zakumwa za Malawi Gin ndi madzi a malambe kapena bwemba, ndipo ayezi ndimaumitsa m'kabokosi ka pulasitiki kosatseka pamwamba kuti atuluke woyera, monga anandiphunzitsira bwana wamng'ono. Magetsi akazima, zonse zimasungunuka ndipo timayambiranso.

Mabwana aja timalemberana pa Khirisimasi. Anandiuza kuti ndikadzapeza visa yeniyeni malo alipo, ndipo tonse tikudziwa kuti visa imeneyo ndi yovuta. Ngongole ya msuweni wanga ndinamaliza kubweza mu 2022. Munthu wa mapepala uja akadali ku Dunoon, akadali mkulu pa tchalitchi chija, ndipo mnyamata wa m'mudzi mwathu amene anapita chaka chatha anandiuza kuti pepala lomwelo tsopano akugulitsa R5,000.